Zaulere zili pawiri: zina ndi ufulu, zina ndi nyambo

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft ya ku America idasiya kusamalira mwaulere Windows 10, pulogalamu yomwe imayendetsa makompyuta ambiri m'maofesi ndi m'masukulu.

Nkhaniyi idadutsa mwakachetechete m'dziko muno, koma ikukhudza mphunzitsi wamkulu wa sekondale yemwe ali ndi chipinda cha makompyuta, ngakhalenso mnyamata yemwe amataipa makalata ofunsira ntchito m'kashopu pafupi ndi msika wa Zomba.

Sikuti makompyutawo adazima tsiku lomwelo. Akugwirabe ntchito, koma ali ngati nyumba yomwe mwini wake wasiya kumata ming'alu. Mavairasi ndi akuba a pa intaneti amalowera m'ming'alu yoteroyo. Windows 11, yomwe idalowa m'malo mwake, imafuna makina atsopanoko, pomwe ambiri omwe ali kuno ndi a kaunjika kapena ochita kupatsidwa.

Apa munthu amaona ngati njira ndi ziwiri basi: kugula kompyuta ina, kapena kuikitsa pulogalamu yobera, zomwe lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa. Komatu ilipo njira yachitatu yomwe ambiri sadaimve.

Mbewu ya makolo

Mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa chimanga cha makolo ndi cha haibridi. Cha makolo umasankha ngala zabwino, kusunga mbewu, kugawirako mnzako, chaka chamawa n'kudzalanso. Cha haibridi chimabereka, koma chaka ndi chaka umayenera kubwerera kusitolo.

Mapulogalamu a kompyuta nawo ali choncho. M'chaka cha 1983 katswiri wina wa ku America, Richard Stallman, adayambitsa ntchito yotchedwa GNU pofuna kuti pakhale mapulogalamu omwe munthu angawasunge ngati mbewu ya makolo.

Malinga ndi Stallman, pulogalamu yaufulu iyenera kulola zinthu zinayi: kuigwiritsa ntchito momwe ufunira, kuona momwe idalembedwera m'kati mwake, kugawira ena, komanso kuisintha n'kugawanso zomwe wasinthazo. Mkuluyu wakhala akunenetsa kuti nkhani yagona pa ufulu osati pa mtengo.

M'chaka cha 1991 wophunzira wa zaka 21 ku Helsinki m'dziko la Finland, Linus Torvalds, adatulutsa Linux, ndipo anthu a m'maiko osiyanasiyana adayamba kuiwonjezera. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kwa munthu wamba n'kuutcha Ubuntu, mawu omwe kwathu kuno timati umunthu.

Lero ilipo mitundu ya Linux yopepuka yomwe imayenda bwino pa makina okalamba. Iliponso LibreOffice, yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama. Zonsezi munthu amazitenga popanda kulipira laisensi, ndipo akagawira mnzake sadaphwanye lamulo.

Zomba ikudya kale zipatso

Ena angaganize kuti izi ndi za ku Ulaya, koma ayi. Chiwerengero cha odwala malungo, amayi obereka ndi ana olandira katemera chomwe zipatala za m'boma la Zomba zimatumiza mwezi ndi mwezi chimalowa mu DHIS2, pulogalamu yaufulu yomwe Unduna wa Zaumoyo udayamba kugwiritsa ntchito m'dziko lonse mu 2012.

Pulogalamuyi imasamalidwa ndi sukulu yaukachenjede ya Oslo ku Norway ndipo ikugwira ntchito m'maiko oposa 70. Popeza m'kati mwake simobisika, akatswiri a nthambi ya makompyuta ku University of Malawi, yomwe anthu a ku Zomba amaitchulabe Chanco, adathandiza undunawu kumanga pamwamba pake iCHIS, yomwe alangizi a zaumoyo amalembamo za mabanja a m'midzi mwawo.

Ikadakhala ya kampani yobisa malemba ake, kusintha kulikonse kukadadikira chilolezo ndi ndalama zakunja. M'malo mwake luso likutsalira m'manja mwa Amalawi.

Kumbali ya maphunziro, mu 2013 bungwe la onebillion la ku Britain lidayesa pulogalamu yophunzitsa masamu m'Chichewa pasukulu ya pulaimale ya Biwi ku Lilongwe. Mu 2019 bungweli lidali limodzi mwa awiri omwe adapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, womwe lamulo lake lidali loti mapulogalamu ofika m'ndime yomaliza atsegulidwe kuti aliyense athe kuwatenga.

Kuyambira 2023 boma, kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, lakhala likugawa matabuleti okhala ndi pulogalamu ya onebillion, ndipo cholinga n'choti afike m'masukulu onse a pulaimale a boma, pafupifupi 6,000, kwa ana a sitandade 1 mpaka 4. Matabuletiwa amatchajidwa ndi sola, mwana amaphunzira popanda kulowa pa intaneti, ndipo mulibe wina womutsatsa malonda.

Chikomekome cha mkuyu

Mfundo yomalizayi ndi yomwe ikusiyanitsa zaulere ziwirizi. Facebook, TikTok ndi YouTube nazo salipiritsa polowa, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa K100 iliyonse yomwe kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, imapeza, yoposa K95 imachokera kwa otsatsa malonda. Chomwe chikugulitsidwa pamenepa ndi maso a munthu wogwira foniyo. Makina amasunga zomwe iye amakonda, komwe ali ndi anthu omwe amacheza nawo, kuti otsatsa amupeze mosavuta. Akachedwa pafonipo, kampani ndiye yapindula.

Kuno vutoli limaluma kawiri, chifukwa kanema wotsatsa yemwe sudamuitane amadya bandulo yomwe wagula ndi thukuta lako. Mwana wa Fomu 4 wofufuza phunziro la sayansi pafoni ya mayi ake amathanso kukumana ndi zokopa za kubetcha pa mpira kapena katapila wa pafoni.

Mu 2015 Facebook idagwirizana ndi Airtel ndi TNM kuti anthu azilowa m'masamba ena osankhidwa popanda bandulo. Ambiri adakondwa, koma m'dziko la India boma lidaletsa ndondomeko yomweyo mu 2016 ponena kuti si bwino kuti masamba ena akhale aulere pomwe ena ndi olipira, chifukwa kutero n'kusankhira anthu choti awerenge.

Malawi tsopano ali ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe lidapatsa bungwe la MACRA udindo woteteza mbiri ya anthu yosungidwa m'makina. Koma lamulo silingakhale pambali pa mwana aliyense wogwira foni.

Masamba opanda malonda alipo. Wikipedia, yomwe idayamba mu 2001, imayenda ndi zopereka za owerenga, ndipo olembamo ndi anthu ongodzipereka. Pulogalamu yaufulu ya Kiwix imathandiza sukulu kusunga Wikipedia yonse m'kompyuta imodzi, ana n'kumawerenga popanda intaneti.

Chomvetsa chisoni n'choti pomwe ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, ya Chichewa ili ndi zongopitirira pang'ono 1,000. Mumzinda momwe muli nyumba yosunga mbiri ya dziko ya National Archives, likulu la MANEB ndi ophunzira zikwizikwi, olemba sangasowe.

Madzi ndi a Mulungu, mapaipi ndi a ndalama

Mvula yogwa pamwamba pa phiri la Zomba palibe amaigula. Koma kuti madzi a m'damu la Mulunguzi afike pampopi ku Matawale kapena ku Chinamwali, pamafunika mapaipi, mankhwala ndi anthu olipidwa, n'chifukwa chake bungwe la Southern Region Water Board limatumiza bilu.

Mapulogalamu aufulu nawonso amafuna mapaipi ake: magetsi, intaneti ndi munthu wodziwa kukonza zikavuta. Mu 2013 Dr Chomora Mikeka ndi anzake a nthambi ya fizikisi ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, adayesa kutumiza intaneti kudzera m'mafunde a wailesi yakanema omwe sakugwiritsidwa ntchito, ndipo sekondale ya atsikana ya St Mary's idali mwa malo omwe adalumikizidwa. Ntchito zoterezi zimafuna ndalama kuti zipitirire.

Okayikira nawo ali ndi mfundo zomveka. Olemba anthu ntchito amafunsa ngati munthu amadziwa Word ndi Excel. Aphunzitsi ambiri adaphunzira pa Windows, ndipo amisiri okonza makompyuta m'matauni adazolowera yomweyo. Kompyuta ya Linux ikavuta kusukulu ya kumudzi, ikhoza kukhala miyezi itafundidwa nsalu.

Koma oikira kumbuyo mapulogalamu aufulu amati sukulu ya galimoto imaphunzitsa kuyendetsa, osati kuyendetsa Toyota yokha. Mwana wodziwa kulemba kalata mu LibreOffice satenga nthawi kuti azolowere Word, ndipo wololedwa kusuzumira m'kati mwa pulogalamu ndi yemwe mawa angalembe yake.

Kuyesa sikulira ndalama zambiri. Linux imatha kuyatsidwa kuchokera pa fulashi popanda kufufuta chilichonse m'kompyuta. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi isadavomereze kuti makina akale akaunjikidwe m'sitolo kapena kuti makolo asonkhe ndalama zogulira ena, ikhoza kupempha mphunzitsi wa makompyuta kuti ayese pa kompyuta imodzi kaye.

Ikayenda, fulashi yomweyo ikhoza kupita kusukulu yoyandikana nayo popanda woimbidwa mlandu. Paja kupatsa n'kuika.