ALANGIZI OYENDERA ZIPATALA ZA ODWALA MAGANIZO: KODI AMAONANJI M'MAWODI?

Dzina la Chainama limadziwika m'midzi yonse, ngakhale kwa anthu amene sanapondepo mu Lusaka. Cipatala ca Chainama Hills cinatsegulidwa mu 1962. Cisanamangidwe, odwala misala a m'dziko lino ena anali kusungidwa m'ndende, ena anali kutumizidwa ku Ingutsheni, ku Bulawayo, kutali ndi abale ao. Lero Chainama ndico cipatala cacikulu ca matendawa, ndipo zipatala za m'zigawo, monga ca ku Chipata, ziri ndi mawodi aceace a odwala maganizo. Ku Chadiza kuli malo a Nsadzu, amene anakhazikitsidwa kuti ocira azizolowerako nchito za manja ndi za kumunda.

Banja limene lasiya mwana wao pa cipata ca malo otere limabwerera kumudzi ndi funso limodzi: kodi m'katimo akamsunga bwanji? Wodwala malungo akacitidwa nkhanza amadandaula ndipo amamveka. Wodwala misala akadandaula, anthu amangoti ndi matenda akulankhula. Cifukwa cace zipatala zotere zimafuna maso a anthu akunja koposa zipatala zina zonse.

Anthu akunjawo ndiwo alangizi. Nchito yao ndi kuyendera cipatala, kuona m'mene cikuyendera, ndi kupangana ndi anchito ace njira zokonzera zolakwika. Mu 2012 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa buku la malangizo lochedwa QualityRights, lofotokoza kayenderedwe kotere. Bukulo likuti gulu loyendera lisakhale la madokotala okhaokha. Mukhalenso odziwa malamulo, abale a odwala, ndiponso anthu amene anadwalapo matendawa nacira. Mfundo yomalizayi ena amaiseka, koma ndi yanzeru. Munthu amene anagonapo m'wodi amadziwa cimene cimacitika usiku akulu a cipatala atapita kwao.

Alangizi akafika amayamba ndi zooneka ndi maso. Amaona ngati pali mabedi ndi mabulangete okwanira, ngati zimbudzi ziri ndi zitseko ndi madzi, ngati amuna ndi akazi agona kosiyana, ndiponso cakudya cimene cifika m'mbale ya wodwala, osati cimene calembedwa pa cipupa ca kukhichini. Zimenezi sizitenga nthawi.

Cimene cimatenga masiku ndi mapepala. Wodwala ali yense ayenera kukhala ndi faelo yace yosonyeza tsiku limene analowa, cimene dokotala anapeza, mankhwala amene akumwa, ndi tsiku limene anapimidwanso. Faelo ikakhala yopanda kanthu kwa miyezi, ndiye kuti munthuyo waiwalika, cinkana akudya ndi kugona pomwepo. Alangizi amalowanso mosungira mankhwala. Mankhwala akale a misala, onga chlorpromazine ndi haloperidol, amathandiza kwambiri, koma kwa ena amaumitsa khosi ndi manja, amanjenjemeretsa thupi, ndi kutulutsa dovu. Pali mankhwala ena, benzhexol, amene amacepetsa zimenezi. Cipatala cimene ciri ndi oyambawo koma ciribe aciwiriwa cimaona odwala ace akukana kumwa, ndipo anamwino amawayesa amwano. Mlangizi wabwino amapeza kuti vuto lagona m'kaundula wa oitanitsa mankhwala, osati m'mutu wa wodwala.

Nkhani yowawa koposa ndi ya kumanga ndi kutsekera. Ife a kumudzi sitingaloze cala anamwino okha, popeza ambiri a ife tinaonapo munthu womangidwa unyolo pa mtengo kuseri kwa nyumba, kapena pa msasa wa sing'anga. Banja limacita zimenezi cifukwa ca mantha ndi kutopa. Namwino mmodzi wosiyidwa usiku ndi wodi yodzaza naye amacita mantha ndi kutopa. Alangizi amafunsa kuti odwala angati anatsekeredwa m'kacipinda mwezi watha, kwa maola angati, analamula ndani, ndipo kodi zinalembedwa. Pambuyo pace amaphunzitsa anchito kuzindikira msanga zimene zimautsa mkwiyo wa wodwala, monga phokoso, njala, kapena kumanidwa kuona abale, ndi kumlankhula mofatsa zinthu zisanafike poipa. Colinga ca WHO ndi cakuti kumanga ndi kutsekera kuthe konse.

Njira imeneyi inayesedwa m'zipatala za boma za m'cigawo ca Gujarat ku India. Kumeneko, kuonjezera pa kuphunzitsa anchito, anthu ocira anapatsidwa nchito yothandiza odwala anzao m'zipatala momwemo, ndipo ofufuza anapeza kuti cisamaliro cinakwera ndi maganizo a anchito pa odwala anasintha. Dziko la Ghana nalo linayamba njira yomweyi mu 2019.

Kuno kwathu malamulo anasintha kale. Kwa zaka 70 odwala maganizo anali pansi pa lamulo la atsamunda la mu 1949, limene linali kuwachula ndi mau otanthauza zitsiru ndi zidzete. Mu 2017 Khoti Lalikulu, pa mlandu umene anasuma anthu amene anadwalapo matendawa, linagamula kuti mau amenewo ndi osemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo, limene likuchula maufulu a wodwala ndi kulamula kuti pakhale bungwe la dziko lonse loyang'anira nkhanizi. Mabungwe a anthu olemala, kuphatikizapo la odwala maganizo la MHUNZA, anadandaulabe ndi ndime 4 ya lamulolo, ponena kuti imalola ena kusankhira wodwala zocita. Mkangano umenewo ndi woyenera kuumvetsera, cifukwa ukukhudza funso limene alangizi amafunsa m'wodi iri yonse: kodi wodwalayu anafunsidwa maganizo ace?

Tinene mosabisa kuti ulangizi uli ndi polekezera. Lipoti silingagule matiresi, ndipo silingabale dokotala. Akatswiri a matendawa ndi ocepa m'dziko muno, kotero katundu wamkulu amasenza ndi anamwino ndi makiliniko ofisala, ambiri a iwo ophunzitsidwa pa Chainama pomwepo. Mlangizi amene afika ndi galimoto, nalemba zolakwa zao, nacoka osabweranso, amangowafooketsa. Ulangizi umene umapindula ndi uja umene anchito eni ace amakhala nawo pansi, nasankha zinthu zocepa zoyamba nazo, nalemba dzina la woziyang'anira ndi tsiku loti adzaonenso. Zambiri mwa izo sizifuna ndalama: kuitana wodwala ndi dzina lace, kumlola kuvala zobvala zace, kumfotokozera dzina la mankhwala amene akumwa.

Gawo limene limakhudza mudzi mwacindunji ndi la kutuluka. Odwala ambiri amene amabwerera m'cipatala amabwerera cifukwa mankhwala anatha, ndalama ya basi inasowa, kapena anayambanso camba ndi kacasu. Kuyambira mu 2008 WHO yakhala ikulimbikitsa, m'ndondomeko yace ya mhGAP, kuti anchito a m'zipatala zazing'ono aphunzire kusamala matenda a maganizo ndi khunyu, kuti munthu wa ku Vubwi kapena ku Chama asamayende ulendo wa ku Lusaka cifukwa ca mapiritsi a mwezi umodzi. Cotero alangizi amaona ngati wotuluka ali yense amapatsidwa kalata yopita nayo ku kiliniki ya kwao.

Inu makolo ndi abale, pokatenga wodwala wanu, musacoke musanafunse dzina la mankhwala ace, kamwedwe kace, zizindikiro zoti mubwere naye msanga, ndi tsiku la kupimidwanso. Pemphani kuti zilembedwe pa khadi lace, ndipo khadilo mukalionetse kwa namwino wa ku kiliniki yanu mankhwala asanathe.