Timizere ta kangaude pa penti watsopano: wolakwa ndani?

Caka catha alamu anga, amene amalima tomato ndi repu kumbali ya Simonga, anagulitsa ng'ombe kuti akapentetse vaneti imene imawanyamulira katundu kupita ku msika wa Maramba. Anakaitenga ku galaji dzuwa litapendeka, ikuwala ngati kalilole. Analipira ndalama zonse, nathokoza. Patapita masabata awiri anaima pakhomo panga masana, ndipo pa boneti ponse panali timizere tozungulira, monga ukonde wa kangaude. Atabwerera kwa wopenta uja, yankho linali lakuti: "Ndi anyamata anu otsuka, atate, osati ine." Anyamatawo nawonso anakana. Ng'ombe inali itapita kale.

Ife a mu Livingstone sitiyenera kukhala alendo pa nkhani za penti wa motoka. M'zaka za m'ma 1970, fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inkalumikiza mamotoka a Fiat muno m'tauni, ndipo kwa zaka zambiri alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya ankatidziwa ndi mataxi athu a buluu. Koma penti wa masiku ano ndi wosiyana ndi wakale uja. Pa motoka zambiri zocokera ku Japan, mtundu umene mumauona uli pansi, ndipo pamwamba pake anathirapo cikuto cowala conga galasi cimene openta amaciti clear. Cikuto cimeneci ndi copyapyala kuposa tsitsi limodzi la munthu. Timizere tija ndi mabala ang'onoang'ono zikwizikwi a pa cikutoco. Ambiri mwa iwo ndi owongoka ndithu, olozera mbali zonse. Dzuwa likawaomba, amene amanyezimira ndi okhawo opingasa kuwala, cifukwa cake diso limaona ngati mikombero.

Mdani woyamba tiri naye pansi pa mapazi. Tauni yathu inamangidwa pa mcenga wa Kalahari, ndipo kanjere ka mcenga ndi kolimba kokwanira kukanda ngakhale galasi, nanji penti. Mu August ndi September mphepo imausenza n'kuuyala pa motoka. Ndiye mwana amabwera m'mawa ndi mutton cloth youma, n'kupukuta mokondwera kuti atate apite ku tauni ndi motoka yoyera. Pamenepo wayendetsa sandipepa thupi lonse la motoka osadziwa. Cimodzimodzi ndowa imodzi ya madzi imene yatsuka mataya kenaka n'kubwerera pa boneti, kapena sopo wa ufa wocapira zovala amene sanasungunuke bwino.

Koma wopenta asathawe mlandu msanga. Penti akauma, amamusalaza ndi sandipepa ya madzi, kenaka n'kumubafa ndi makina ozungulira okhala ndi nsalu ya ubweya ndi phala lokhakhala lochedwa compound. Nchito imeneyi imasiya mabala akeake, amene amafunika kucotsedwa ndi siponji yofewa ndi polishi wosalala. Munthu wofulumira, amene motoka zina zitatu zikumudikira, amadumpha gawo lomalizali. Amapakapo mafuta owalitsa amene amadzaza mabala aja, mwini wake n'kulipira. Mukatsuka kawiri katatu mafutawo amacoka, mabala n'kuonekera.

Nanga mungadziwe bwanji wolakwa? Imikani motoka padzuwa la masana, muyende pang'onopang'ono moizungulira. Mukaona mizere yotakata yonga utsi kapena mafunde, imene ikuyenda pamene inu mukuyenda, amenewo ndi mapazi a makina. Nsalu ya mwana singalembe zotero. Mukaona timizere tating'ono takuthwa tonga ukonde wa kangaude, makamaka pa boneti ndi padenga, kawirikawiri ndi katsukidwe. Pa vaneti ya alamu anga panali zonse ziwiri, ndipo mkangano unathera pomwepo, aliyense atazyolika.

Kucotsa timizereti ndi kupala cikuto cija pang'ono mpaka cifanane ndi pansi pa bala. Palibe njira ina, ndipo waksi samacotsa kanthu, amangobisa. Yambani mwayesa ndi cikhadabo. Cikakodwa m'bala, ndiye kuti ndi lakuya, polishi sangalithe. Cikangotsetsereka, nchito ingatheke. Motoka itsukidwe bwino, ikhale pamthunzi, citsulo citazizira. Pa kutentha kwathu kwa mu October polishi amauma asanagwire nchito. Sankhani kamalo kotalika ngati mkono mbali zonse, muyambe ndi polishi wosalala koposa ndi siponji yoyera. Pokhapo atalephera mpamene mungapite ku compound, ndipo mukatero muyenera kubwereranso ku wosalala uja. Ogwiritsa makina asawathamangitse, asaime pamalo amodzi, ndipo acenjere m'mphepete mwa zitseko ndi m'makona, momwe penti ndi wocepa. Clear akabooka, palibe mankhwala koma kupentanso. Mukamaliza kamaloko, pukutani ndi spiriti wosakaniza ndi madzi kuti mafuta acoke, muone coonadi padzuwa kapena ndi tochi.

Ndinenepo apa kuti wokonda motoka mopitirira muyeso, wobafa mwezi uliwonse, akuidya yekha. Kubafa kulikonse kumacepetsa cikuto cimene cimateteza mtundu ku dzuwa.

Pa penti watsopano pali lamulo lina limene ambiri amaliphwanya cifukwa ca cikondi. Penti amauma pamwamba tsiku limodzi kapena awiri, koma mkati thina amapitiriza kutuluka kwa masabata. Cifukwa cake opanga penti ambiri amalangiza kuti waksi asapakidwe mpaka patapita masiku 30 kapena 90, malinga ndi mtundu wa penti. Funsani wopenta akuonetseni zolembedwa pa citini cimene anagwiritsa nchito. M'nyengo imeneyo penti ndi wofewa, ndipo mpamene amakandika msanga. Thirani madzi ambiri coyamba kuti mcenga utsike wokha. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu. Yambani padenga, mataya akhale omaliza ndi nsalu yaoyao. Nsalu ikagwa pansi, isabwerere pa motoka isanacapidwe. Zitosi za mbalame musazisiye ziume, ndipo musazipale, zinyowetseni kaye.

Alamu anga anagwirizana ndi wopenta kuti abafenso boneti ndi zitseko popanda malipiro, iwo n'kugula siponji yatsopano. Tsiku lokaitenga anakana madzulo. Anafika 12 koloko, nauza mnyamata wa pa galaji aitulutse padzuwa ndi kuipukuta ndi spiriti iwo akuona. Padenga timizere tikalipo mpaka lero, cifukwa wopenta anati clear wa pamenepo ndi wocepa kale, ndipo pa mau amenewo ndinamukhulupirira.