Galu akapuwala miyendo mwadzidzidzi

Alimi anzanga, galu ndiye mlonda wa nkhokwe ndi khola, koma akadwala ambirife timangomuyang'ana. Poyendera minda ndimakumana ndi agalu ang'onoang'ono akukwawa, miyendo yakumbuyo ikukokeka pansi, chonsecho dzulo lake ankathamanga bwinobwino.

Kawirikawiri vuto limakhala msana. Pakati pa mafupa a msana pali timinofu tofewa. Kamodzi kakaphulika, kamapanikiza mtsempha waukulu wopita kumiyendo. Agalu aafupi a msana wautali, monga Dachshund, ndiwo amavutika kwambiri, ngakhale pongodumpha kuchoka pangolo. Kugundidwa ndi njinga kapena kumenyedwa ndi chibonga kumavulazanso msana.

Musamunyamule pogwira miyendo. Mugonekeni pathabwa, mupite naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, makamaka ngati akulephera kukodza kapena sakumva mukamutsina chala. Wovulala pang'ono amatsekeredwa pamalo ochepa kwa masabata 4 mpaka 6. Musamupatse Brufen, amawononga m'mimba ndi impso za galu.

Koma chenjerani, chiwewe nachonso chimapuwalitsa miyendo. Galu wosabayidwa katemera, wotuluka dovu, musamugwire. Akakulumani, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala.