Kodi mumadziwa? Miyala ya ku Balaka ndi madzi a mu Shire

Kodi mumadziwa kuti mwala wa laimu wa m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka susanduka laimu wopakira nyumba usanapse pa moto wa madigiri pafupifupi 900? Kwa zaka zambiri anthu owotcha laimu m'mauvuni ang'onoang'ono akhala akukoleza motowo ndi nkhuni za mitengo yachilengedwe. Khoma likayera mbee ku Blantyre, ku Balaka kwagwa mtengo.

Utsi wa nkhuni si wokhawo umene umatuluka. Pa makilogalamu 100 aliwonse a mwalawu, pafupifupi 44 amauluka ngati mpweya wa carbon dioxide. Simenti, imenenso imachokera ku mwala womwewu, imafuna moto woposa pamenepo, wa madigiri 1,450, ndipo mafakitale ake amatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 aliwonse a mpweyawu umene anthu amatulutsa padziko lonse.

Kodi mumadziwa kuti phiri la Kangankunde, kuno ku Balaka komweku, lili ndi miyala ya mtundu wa rare earths? Kampani ya Lindian Resources ya ku Australia ndiyo ikutsegula mgodi kumeneko. M'miyalayi mumapezeka neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito a galimoto zoyendera magetsi. Ntchito tikuifuna, achinyamata athu atopa ndi kabaza. Koma tidziwenso za mzinda wa Baotou ku China, kumene kuyenga miyala yamtunduwu kwa zaka zambiri kunasiya dziwe lalikulu la zinyalala zapoizoni. Funso lofunsa lero, kusanade, ndi lakuti madzi otsukira miyala adzathera kuti.

Nanga sitima zazitali zodutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi? Zimanyamula malasha a ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kupita kudoko la Nacala.

Kodi mumadziwa kuti zipata za Kamuzu Barrage pa Liwonde, zomangidwa mu 1965, ndizo zimawongolera madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino? Apa ndi pamene nkhani imandipweteka mtima. Mitengo ya tsanya ikathera ku makala, ndipo mapiri a Machinga akasanduka dazi, mvula imakokolola dothi. Mitsinje ngati Rivirivi imalitula mu Shire. Matopewo amakwirira madamu, namasupuni ndi udzu woyandama zimatseka makina, magetsi n'kuthima. Magetsi akathima, mayi wa m'tauni amagula thumba lina la makala, mwini chigayo amayatsa injini ya dizilo, ndipo nkhwangwa imabwereranso m'nkhalango ya Liwonde. Fakitale iliyonse imene tingaiyembekezere nayonso siyenda popanda mtsinjewu.

Nayonso nyanja ya Chilwa ili pachiopsezo: ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho chilichonse cholowamo chimakhala momwemo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kuphweratu.

Kodi mumadziwa kuti lamulo loteteza chilengedwe la mu 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limalamula kuti mgodi kapena fakitale yaikulu iunikidwe kaye momwe idzakhudzire anthu ndi malo isanayambe? Mafumu athu, makhansala ndi a komiti zachitukuko m'midzi, kukaitanidwa msonkhano wokambirana za kuunikaku musatumize mwana. Pitani nokha, funsani za fumbi, zitsime ndi minda, ndipo pemphani kuti akuwerengereni lipoti la kuunikako m'Chichewa kapena m'Chiyao.