Chimakweza utsi m'chumuni n'chiyani?

Ku Norway kapena ku Scotland kukazizira, mabanja ambiri amawotha mbaula yachitsulo yotseka, ya m'nyumba. Amasonkhamo nkhuni, ena malasha, ndipo utsi umatulukira m'chumuni chodutsa padenga. Mulibe fani, mulibe injini. Nanga utsiwo umakwera bwanji?

Mukukumbukira convection ija ya mu fizikisi? Mpweya ukatentha umafufuma n'kupepuka. Kyubiki mita imodzi ya mpweya wa 0°C imalemera pafupifupi 1.29 kg, koma pa 200°C imangolemera 0.75 kg. Ndiye mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umadzipanikiza kulowa pa tizibowo ta m'munsi mwa mbaula n'kukankhira wotenthawo m'mwamba. Anthu amati chumuni chimakoka, koma zoona zake n'zakuti utsi umachita kukankhidwa.

Tiyeni tiwerengere. Chumuni cha mamita 5: kusiyana kwa kulemera kuja, 0.54, kuchulukitsa ndi g (titenge 10), kuchulukitsanso ndi 5, tikupeza mapasikali 27. Basi! Mpweya wotizungulirawu umatipanikiza ndi mapasikali oposa 100,000 m'mbali mwa nyanja zamchere. Mphamvu yoyendetsa moto wonsewo ndi kakang'ono zedi, n'chifukwa chake sikachedwa kusokonezeka.

Chumuni chikakhala chachifupi kapena chozizira, utsi umabwerera m'nyumba. Odziwa amayamba ayatsa kanyuzipepala pafupi ndi pakamwa pa chumuni kuti chifunde, kenako n'kuyatsa nkhuni. Nkhuni zaziwisi ndiye zimavutitsa kwambiri. Kutentha kumathera pouma madzi, utsi umazizira usanafike pamwamba, n'kusiya phula lakuda lotchedwa creosote m'kati mwa chumuni. Phulali limayaka, ndipo nyumba zimapsa nalo. Ku England, kuyambira mu 2021, nkhuni zogulitsa pang'onopang'ono siziyenera kukhala ndi chinyezi choposa 20 peresenti.

Kukoka kukanyanya nakonso ndi vuto: moto umalilima, nkhuni zimatha msanga, kutentha n'kumathawira kudenga. Apa amachepetsa tizibowo ta mpweya, kapena kupotoza dampa, kachitsulo kokhala ngati kachitseko m'kati mwa paipi.

Koma osatseka kotheratu ayi. Moto ukaperewera okosijeni umatulutsa carbon monoxide wambiri, mpweya wopanda fungo komanso wosaoneka. Umakakamira ku haemoglobin ya m'magazi kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, tulo, ndipo akagona mwina osadzukanso.

Mwina mukuti izi n'za kwa azungu. Taonani balani ya fodya wa fuluu, kapena mbaula zazikulu zachumuni m'makhitchini a sukulu zogonera: fizikisi yake ndi yomweyi. Ndipo mbaula ya makala imene ena amalowa nayo kuchipinda mu Juni, n'kutseka chitseko ndi mawindo, ilibe chumuni n'komwe. Carbon monoxide yense amatsala momwemo ndi inu.