Kope la mbalame: zomwe ife a kunyanja tingatengeko ku Bolero



Chaka chilichonse, Okutobala akamatha, pamakhala kamkangano pakhonde la mzikiti anthu akatuluka ku swala. Wina akuti mwadonta walira dzulo, ndiye mvula ili pafupi, tikonze mbewu. Wina akuti iyayi, chaka chatha analiranso chomwechi koma tinadikira milungu itatu mvula yeniyeni isanagwe. Wachitatu akuti masiku ano mbalame zasokonekera, musazikhulupirire. Onsewo akulankhula za m'mutu, palibe amene analemba. Tikawafunsa kuti kodi chaka chathacho analira pa deti yanji, yankho limakhala loti "cha mommuno". Vuto ndi loti mbewu yogula ndi ndalama zovuta kupeza siibzalidwa cha mommuno. Ukabzala ndi chizimalupsa kenako dzuwa n'kuwomba masiku khumi, thumba lonse lapita.

Lero tikufuna tifotokoze za kuyang'ana mbalame chaka chonse ndi kulemba zomwe taona, ndipo chitsanzo chathu tachitenga kumtunda, ku Bolero m'boma la Rumphi.

Mwina mukufunsa kuti asodzi ndi alimi a mpunga tikatengako chiyani ku dera la fodya. Bolero ali kumadzulo kwa tauni ya Rumphi, m'chigwa cha Nkhamanga, kumene kuli likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe ndipo ndi kumene kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya. Amene ali pa ulendo wa ku Nyika kuchokera ku Rumphi amadutsa pomwepo. Kumpoto kwake kuli phiri la Nyika, lomwe nsonga zake zimapitirira mamita 2,500, ndipo linakhazikitsidwa kukhala paki yoyamba ya dziko lino mu 1965. Kumadzulo kuli dambo la Vwaza ndi kanyanja ka Kazuni. Madzi a m'derali amatsika ndi mtsinje wa South Rukuru n'kudzathira m'nyanja yathu yomweyi. Ndiye munthu wa ku Bolero ali pakati pa udzu wozizira wa kuphiri, nkhalango ya miombo, dambo ndi minda, ndipo mbalame za malo onsewa zimamudutsa pamutu. Ku Nyika kokha kunapezeka mitundu ya mbalame yopitirira 400, pamene m'Malawi yense muli mitundu pafupifupi 650.

Manambala amenewa anachokera kwa anthu omwe ankayenda ndi kope, kulemba mbalame, malo ndi tsiku, kwa zaka zambiri. C. W. Benson, yemwe anagwira ntchito ya boma kuno nthawi ya atsamunda, anatulutsa ndi mkazi wake buku la mbalame za m'Malawi mu 1977. Mu 2006 Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa lina lalikulu, lokhala ndi mapu osonyeza kumene mtundu uliwonse umapezeka. Mabukuwa ndi a Chingerezi ndipo sapezeka m'midzi mwathu, komanso sangakuuzeni tsiku lomwe adokowe amafika pa dambo la kwanu. Zimenezo angalembe ndi inu nokha.

Tiyeni tiyende ndi chaka monga chimaonekera ku Bolero. Mwezi wa Juni ndi Julaye, nthawi ya chisanu, pamene ife kunyanja tikulimbana ndi mwera, kumtunda kumakhala zii. Zomwe zimaoneka ndi mbalame za pakhomo: njiwa, pumbwa, nkhanga, nkhwali, khwangwala. Cha mu Ogasiti akabawi amabwerera, ndipo mayi aliyense woweta nkhuku amadziwa, chifukwa anapiye amayamba kusowa. Kutentha kukafika pachimake mu Seputembala ndi Okutobala, madzi a ku Kazuni amaphwera, ndipo akakowa, atsekwe, achiswankhono ndi nkhwazi zimasonkhana pa madzi otsalawo. Nthawi yomweyo lumbe, uja wa nthenga zazitali ngati nsalu ziwiri zoyera, amayamba kuoneka madzulo m'misewu ya m'tchire, ndipo mwadonta amayamba kulira osatopa, ngakhale usiku. Pamwamba pa Nyika pamafika namzeze wina wobiriwira modera, wosowa kwambiri padziko lonse, amene amaswera m'maenje a pansi pa udzu nthawi ya dzinja kenako n'kubwerera cha ku nyanja ya Victoria mvula ikatha. Phiri la Nyika ndi amodzi mwa malo ochepa omwe mbalameyi idakaswerabe yambiri.

Mvula ikayamba, zomwe kumpoto zimachedwerako poyerekeza ndi kummwera, ndiye kumadzaza alendo. Anamzeze ambirimbiri amandandalika pa mawaya. Adokowe akuda a mimba yoyera amatera m'minda m'magulu. Ngumbi zikatuluka, timphamba ting'onoting'ono timazungulira m'mwamba kuzigwira. Pofika Malichi ndi Epulo alendowo amanyamuka, ndipo zimatsala ndi zomwe zimativutitsa: atchete ndi mpheta pa mapira, mawere ndi mpunga.

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndiye tichedwepo pang'ono. Mbalame zonsezi sizibwera pa chifukwa chimodzi, ndipo ndi chifukwa chake zizindikiro za makolo zina zimagwira, zina zimaphonya.

Gulu loyamba ndi la alendo ochokera kutali kwambiri. Namzeze wa pakhosi pofiira amene timamuona m'dzinja amaswera ku Ulaya ndi ku Asia. Chomwe chimamunyamutsa kumeneko makamaka ndi kufupika kwa usana pamene chisanu cha kwawo chikuyandikira. Ali ku Poland kapena ku Russia sangadziwe kuti ku Bolero kapena ku Makanjira mitambo yafika pati. Choncho kufika kwake kumakuuzani kuti chaka chafika pati, ngati kalendala ya pakhoma. Kamphamba kaja kodya ngumbi, komwe mabuku amakatcha Amur falcon, kamachokera kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kamadutsa ku India n'kuwoloka nyanja yamchere mpaka kufika ku Africa. Kambalame kosakwana ndi nkhunda komwe! Ulendo wotere umakhala ndi nthawi yakeyake, ndipo sudikira mvula ya kwathu.

Gulu lachiwiri ndi la mbalame zotsata mvula mkati mwa Africa momwemuno. Dokowe wakuda uja amaswera kumpoto kwa equator, m'maiko monga Niger, Chad ndi Sudan, nthawi ya mvula ya kumeneko, ndipo ikatha amatsika kudzapeza yathu. Amatera pomwe pali ziwala, dzombe ndi mbozi, kutanthauza pomwe mvula yagwa kale kapena ili pafupi ndithu. Zinziri nazo zimachita chimodzimodzi. Izi ndiye zili ndi kanthu kotiuza za mvula, ngakhale kuti zimanena za mvula yomwe ilipo m'dera, osati kulonjeza kuti ipitirira. Ndipo dokowe akachuluka modabwitsa pa munda umodzi, pitani mukasuzumire masamba, mwina muli mbozi. Tonse tikukumbukira ntchemberezandonda zachilendo zija zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 agwidwa ndi tsoka. Mbalame sizingamalize mbozi zobisala m'kati mwa chimanga, komabe gulu la mbalame zodya tizilombo ndi mlonda amene simumulipira.

Gulu lachitatu ndi la mbalame zomwe zimakhala nafe chaka chonse koma zimasintha khalidwe. Atchete aamuna amavala chikasu ndi kuyamba kuluka zisa, mpheta zina zimafiira, nkuta amalira kwambiri. Mwadonta tingamuike pakati, poti amabwera kudzaswa ndipo kulira kwake ndi kofuna mkazi. Kuti kulira kwa mwadonta kumatsogola mvula ndi masiku angati pa mudzi wanu, ndi funso lomwe kope la zaka zisanu kapena khumi lingayankhe. Mwina mudzapeza kuti agogo ankanena zoona. Mwinanso mudzapeza kuti mwadonta amasunga nthawi yake pomwe mvula ndiyo ikusuntha, ndipo kudziwa zimenezo kungakupulumutsireni mbewu.

Kalembedwe kake si kovuta. Pezani kope la sukulu la chikuto cholimba ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ikanyowa, makamaka kwa ife a m'bwato. Lembani deti, malo, mbalame, kuchuluka kwake mongoyerekeza, ndi momwe kunja kunalili. Mwachitsanzo: 14 Novembala, m'mawa, kudambo la kuseri kwa sukulu, adokowe akuda ngati makumi atatu, mvula inagwa usiku. Basi. Chofunika kwambiri ndi tsiku loyamba kuona kapena kumva mbalame yobwera, ndi tsiku lomaliza. Lomalizali ndi lovutirako, poti mbalame siitsanzika, ndiye muzilemba nthawi iliyonse mwaiona mpaka mudzazindikire kuti yasiya kuoneka. Musayambe ndi mitundu yambiri. Isanu kapena isanu ndi umodzi yomwe banja lonse likuidziwa bwino ndi yokwanira. Pa tsamba lomwelo muzilemba mvula, tsiku lobzala, tsiku lomwe ngumbi zatuluka, ndipo kwa asodzi, tsiku lomwe nkhungu zafuka panyanja, mphepo ya tsikulo ndi momwe usipa wafera.

Pali kamsampha kamodzi komwe kamatigwira ife Asilamu makamaka. Timakonda kukumbukira zinthu ndi miyezi yathu: "zinafika mkati mwa Ramadhan", "kunali kutatsala pang'ono Eid". Koma chaka cha Hijri chili ndi masiku 354 kapena 355, ndiye chimabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Mu 2015 tinasala m'chisanu, Juni ndi Julaye. Mu 2025 tinasala mu Malichi, chimanga chili m'munda. Mbalame ndi mvula zimayendera dzuwa, choncho m'kope la mbalame deti ya Januwale mpaka Disembala isasowe. Ya Hijri mukhoza kuilemba pambali. Mwayi wathu ndi woti timadzuka kale m'bandakucha. Mphindi khumi pobwera ku swala ya Fajr, pa njira yomweyo tsiku ndi tsiku, ndi nthawi yabwino koposa yomvera mbalame, ndipo kuyenda njira imodzimodzi kumapangitsa kuti zolemba za chaka chino zifanizike ndi za chaka chamawa.

Za maina musadandaule. Ku Bolero amalankhula Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, ambiri a ife kummwera kwa nyanja Chiyao, ndipo mbalame imodzi ikhoza kukhala ndi maina atatu, kapena dzina limodzi kugwira mbalame zingapo. Lembani dzina lomwe mumalidziwa, ndipo koyamba onjezani maonekedwe: kukula kwake poyerekeza ndi njiwa kapena nkhuku, mtundu wa mlomo ndi miyendo, kaliridwe kake. Agogo atchule dzina, mdzukulu wa ku sukulu alembe. Chomwe tikukupemphani n'chakuti musalembe zomwe simunaone. Ngati mwezi wonse munali ku ulendo, lembani kuti simunayang'ane, kuopa kuti wodzawerenga angaganize kuti mbalamezo kunalibe.

Wina anganene kuti kope limodzi la m'mudzi lingathandize chiyani pomwe ku Bolero komweko kuli siteshoni ya a zanyengo, ndipo nthambi ya boma imalengeza za mvula dzinja lisanayambe. Ulosi umenewo tiziumvera ndithu, pamodzi ndi malangizo a alangizi. Kungoti umanena za dera lalikulu, pamene kope limanena za dambo lanu. Ku England, munthu wina dzina lake Robert Marsham anayamba mu 1736 kulemba tsiku lomwe mitengo yaphukira ndi lomwe mbalame zafika pa munda wake, ndipo a m'banja lake anapitiriza mpaka 1958. Akatswiri ofufuza za kusintha kwa nyengo akugwiritsabe ntchito zolemba zimenezo. Kuno kwathu nyanja ya Chilwa inauma mu 1968, mu 1995 ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Tikanakhala ndi makope a mabanja a kumeneko, bwenzi tikudziwa bwino mbalame zomwe zinayamba kuchoka, ndi zomwe zinabwerera madzi atabwera. Kope limaonetsanso zomwe tikuwononga tokha. Mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje ikatha ndi zigafa za fodya kapena nkhuni zowambira nsomba, nkhwazi imasowa pomanga chisa, ndipo chaka china mudzangopeza kuti tsamba lake mulibe cholemba.

Kwa asodzi pali kanthu kenanso. Nthawi zina mbalame imakodwa mu ukonde kapena imapezeka yakufa ili ndi kamphete kachitsulo ku mwendo. Musakataye, ndipo ngati mbalameyo ili moyo, werengani zolembedwazo n'kuimasula osachotsa kampheteko. Nambala yake imasonyeza kumene mbalameyo inavekedwa. Kum'mwera kwa Africa zolemba zotere zimasungidwa ndi bungwe la SAFRING ku yunivesite ya Cape Town, ndipo kuno mukhoza kudziwitsa a nthambi yoona za nyama zakutchire kapena a Wildlife and Environmental Society of Malawi. Paja azungu a ku Ulaya nawo kale sankadziwa bwino kumene adokowe awo amapita m'chisanu, mpaka mu 1822 pamene ku Germany kunapezeka dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa m'khosi, atauluka nawo ulendo wonsewo. Mbalameyo ikusungidwabe ku yunivesite ya Rostock.

Amene ali ndi abale ku Bolero kapena kwina kumtunda, agwirizane nawo kuti nawonso azilemba, ndipo dzinja likatha mudzafanizire madeti pa foni: adokowe anayamba kuoneka kuti, kumtunda kapena kunyanja, ndipo mvula yobzalira inatsatira patapita masiku angati. Tsamba loyamba mukhoza kulitsegula mawa lomwe, Insha Allah, ndi mbalame yoyamba yomwe muimve pochokera ku Fajr.