Makhonsolo a ku America asonkherana ndalama zomangira nyumba zotsika mtengo

Kum'mawa kwa mzinda wa Seattle, m'dziko la United States, makhonsolo a mizinda yoyandikana akhala akusonkha ndalama m'thumba limodzi pofuna kumanga nyumba zimene mabanja opeza zochepa angakwanitse kulipira.

Mgwirizanowu, womwe umadziwika ndi dzina lakuti ARCH, unakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 ndi mizinda ya Bellevue, Kirkland ndi Redmond pamodzi ndi akuluakulu oyendetsa dera la King County. Mizinda ina ing'onoing'ono inalowamo pambuyo pake.

Vuto la derali likuchokera pa kulemera kwake komwe. Makampani akuluakulu monga Microsoft, yomwe likulu lake lili ku Redmond, akopa antchito a malipiro apamwamba, ndipo lendi yakwera moti aphunzitsi, anamwino ndi ogulitsa m'masitolo amakakamizika kukhala kutali ndi kuntchito kwawo.

Chovuta kwambiri pa ndondomekoyi n'chakuti ndalama za khonsolo ina zimatha kukamangira nyumba mumzinda wina. Kwa khansala, nkhani yotere siyapafupi kuifotokoza kwa anthu omwe anamuvotera, amene amafuna kuona chitukuko pakhomo pawo. Motero khonsolo iliyonse imayenera kuvomereza gawo lake lisanaperekedwe.

Thumbali silimaliza ntchito palokha, koma limathandiza omanga kupeza ndalama zina kuchokera ku boma la chigawo cha Washington ndi boma lalikulu. Mu 2019, mizinda ya kum'mwera kwa King County inakhazikitsa mgwirizano wofanana nawo wotchedwa SKHHP.